Mvula ya Domingo

Ana anga, mutu uno ndaulemba pang'onopang'ono, chifukwa dzanja langa linadziwa cholembera litauma kale ndi khasu. Mukabwera kuno kuchokera ku Tete mumaseka anthu akwathu akamanena kuti zoti dziko likutentha ndi nkhani za pa wailesi. Mumati ndi umbuli. Ine ndagwira ntchito pakati pa anthu amenewa mpaka imvi, ndipo ndikufuna mudziwe kumene kukayika kwawo kunachokera. Kwina kunachokera pakhomo limene ine ndinaima ndili ndi kiyi m'thumba.

Zóbuè, 1993

Tinabwerera kuchokera ku Mwanza mtendere utasainidwa, titakwera pamwamba pa malole ndi zidebe ndi mphasa zathu. Kuwerenga ndinaphunzira ku msasa wa othawa nkhondo ndili kale ndi ana awiri, ndipo cholembera ndinadzachigwira ku sikola ya madzulo, sukulu ya ukulu. Zimenezi zinakwanira kuti bungwe lina la zaulimi lindilembe ntchito yogawa makasu ndi mbewu kwa obwerera. Anandipatsa njinga yopanda mabuleki ndi kiyi wa alimazeni, kanyumba ka malata kamene tinkasungiramo matumba. Shefe wanga woyamba, ndiye kuti bwana wanga, anali Senyoro Abilio, munthu wa ku Tete wolankhula Chinyungwe, wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina anandipeza nditasiya thumba la mbewu pamalo podontha, ndipo anandikalipira anthu akuona. Mkwiyo utatsika anandiitanira pambali nati, "Jasinto, mbewu si ufa. Ukalakwitsa pa ufa munthu agona ndi njala usiku umodzi. Ukalakwitsa pa mbewu agona nayo chaka chathunthu." Mawu amenewo ndinayenda nawo ntchito yanga yonse.

Pamwamba pa mudzi wathu pali phiri, ndipo masiku amenewo m'munsi mwake munali timitengo topaka utoto wofiira tochenjeza kuti muli mabomba okwirira. M'phiri limenelo munali atate anu aakulu, achimwene anga a Domingo. Nkhani yawo mukuidziwa, mudzi wonse ukuidziwa. Tikuthawa anawaombera pantchafu, anandiuza kuti nditenge ana ndizipita, ndipo ndinapita. Palibe amene anabwererako kukawaika. Mkazi wawo, alamu anga a Naphiri, anabwerera nafe limodzi, sanakwatiwenso, ndipo anayamba kulima munda wa amuna awo umene uli moyang'anana ndi phirilo. Ankandipatsa moni mwaulemu wonse, ankanditungira madzi ndikafika pakhomo pawo, ndipo za m'phiri sanazitchule ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandilalatira.

Moatize, zaka za malasha

Migodi ikuluikulu itayamba, bungwe linandisamutsira ku Moatize. Munthu wa kumapiri ngati ine kumeneko ndinkakhala ngati nsomba pa thandala. Fumbi lakuda linkalowa mpaka m'madzi akumwa, ndipo nyumba yobwereka inakwera mtengo moti ndinkagona kuseri kwa ofesi. Shefe wanga watsopano anali Injinyeira Marta, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wanzeru, wosadziwa kunama. Ndi iyeyu amene anandifotokozera koyamba nkhani ya kutentha kwa dziko. Anati utsi wa mafakitale ndi magalimoto a dziko lonse wakhala ngati bulangete pamwamba pathu, kutentha kukulowa koma kukulephera kutuluka, ndipo chifukwa cha ichi mvula idzayamba kunama: kugwa msanga kenaka n'kusowa, kapena kuchedwa n'kudzakhuthuka yonse pamodzi. Ine sindinavutike kukhulupirira. Ndili mnyamata, tinkabzala cha pa tsiku la Oyera Onse, koyambirira kwa Novembala, osayang'ana kumwamba. Tsopano munthu ankafika pafupi ndi Khirisimasi khasu lili m'manja, akudikirabe.

Koma kukhulupirira ine ndi kwina, kuuza anthu ndi kwina. Tsiku lina tinaitanitsa msonkhano wa alimi cha ku Benga, pafupi ndi mtsinje wa Revubwe. Pamsonkhanopo panafikanso Ganizani, mnzanga wa ubwana wa kwathu ku Zóbuè, amene ankaotcha makala n'kumatsika nawo kudzagulitsa. Injinyeira akufotokoza kuti tichepetse kudula mitengo ndi kuotcha makala, sitima inayamba kudutsa, mabogi akuda osatha, moti anangokhala chete kudikira phokoso lithe. Itadutsa, Ganizani anaimirira atagwira chipewa m'manja mwaulemu wonse.

"Injinyeira, pepani, ine sindinapite kusukulu. Utsi wa uvuni wanga ndi umene ukutenthetsa dziko. Nanga sitimayi yanyamula maswiti?"

Anthu anaseka. Injinyeira sanabise. Anati malasha a m'sitima imodzi imeneyo akakatenthedwa kunja amaposa kutali uvuni wake.

"Zikomo kwambiri," anatero Ganizani. "Ndiye yambani mwakaimitsa sitimayo. Ine mundipeza, sindithawa, njinga yanga ndi yakuphwa."

Kusekako kusanathe, mayi wina wokalamba anafunsa ali chikhalire pansi, osaseka konse: "Ndiye ulendo uno tisamukire kuti?" Injinyeira anadabwa, nati palibe amene wanena zosamuka. Ine ndinamva chimene mayiyo ankanena. Pa moyo wathu, aliyense amene anabwera pa galimoto ndi mawu atsopano anathera pa kutisamutsa. Atsamunda anatisonkhanitsa m'midzi yawo, pambuyo pa ufulu boma linabweretsa midzi ya pamodzi, kenaka nkhondo, ndipo tsopano migodi inali itanyamula mabanja ena n'kukawasiya ku nthaka yamiyala. Munthu wotere ukamuuza kuti dziko likutentha, iye samvera mawuwo, amayang'ana kumene galimoto yako yaloza.

Zóbuè, kubwerera

Patapita zaka zingapo anandibweza kwathu, kuti ndikaphunzitse anthu kubzala mbewu yocha msanga ndi kudikira mvula yeniyeni. Tsoka lake msonkhano wanga woyamba unali mu Juni, chiperoni chili mkati, anthu atafunda mabulangete mpaka kumutu, mano akugundana. Nditangotchula kuti dziko likutentha, Ganizani anatambasula manja ake kwa ine ngati akuotha moto.

"Tayandikira, Jasinto, titenthereko. Kapena dziko lakolo waliiwala ku Moatize?"

Ndinayesa kulongosola kuti kuzizira kwa sabata imodzi sikufafaniza zimene zachitika zaka zambiri. Mawu anga anathera mu nkhungu.

Musaganize kuti anthuwa sankaona. Ankaona bwino kuposa ine. Mvula inali itawanamiza nyengo zingapo zotsatizana, ndipo chaka chapitacho ambiri anabzala ndi mvula yoyamba, mbewu n'kupserera m'nthaka. Kungoti iwo anali ndi yankho lawo. Ankati mvula yamangidwa ndi anthu a m'phiri, akufa a nkhondo amene sanaikidwe, amene akugona pamtetete ngati nyama. Ankati munthu wosafunditsidwa dothi sangalole kuti anzake afunditse mbewu. Yankho limeneli linali ndi ubwino umodzi umene langa linalibe: linali ndi chochita. Utsi wa maiko akutali sungaukwerere phiri, koma m'bale wako ungathe kukamutenga.

Chaka chimenecho anthu ochotsa mabomba anamaliza phiri lathu, nazula timitengo tofiira. Akuluakulu a mudzi ndi akatekisiti anagwirizana kuti dzinja lisanafike tikwere tikatole mafupa. Ndinakwera nawo. A Domingo tinawapeza m'kachigwa kamene ndinawasiya, pansi pa mwala, ndipo a Naphiri anawazindikira ndi chitsulo cha lamba wawo. Sanalire. Anayala nsalu yoyera, natola okha chilichonse, ngakhale tizidutswa timene ine ndikanati ndi timiyala. Tinawaika kumanda pamodzi ndi ena, akatekisiti anapemphera, akuluakulu anathira ufa ndi mowa pambuyo pake, ndipo palibe mbali imene inaletsa inzake. Kenaka achibale tonse tinametedwa mpala monga mwa mwambo wa maliro.

Nthawi imeneyo mu alimazeni munali mutadzaza matumba a mbewu ya chimanga. Bungwe linali pafupi kutseka ntchito yake, ndipo Injinyeira Marta anandiuza pa foni mosapita m'mbali: "Senyoro Jasinto, mbewu imeneyo ndi yomaliza, ikapsa palibe ina. A zanyengo akuti mvula iyamba monamiza ngati chaka chatha. Musatsegule mpaka ndikuimbireni." Mabanja ambiri anali atadya mbewu yawo pa njala ya chaka chimenecho. Chiyembekezo chawo chonse chinali kuseri kwa loko wanga.

Zóbuè, tsiku lotsatira kumeta

Masana a tsiku limene tinametedwa mitambo inasonkhana pamwamba pa phiri, ndipo madzulo mvula inagwa, yamphamvu, yonunkhira dothi, mpaka m'mawa. Anthu anaimba m'makonde. Ine ndinakhala pakhomo madzi akundidonthera pampala, ndikudziwa chimene chikubwera.

M'mawa ndinapeza mudzi wonse uli pa alimazeni, amayi ndi madengu, abambo ndi makasu pamapewa, ena mitu ili mbee ngati wanga. Palibe amene anakalipa poyamba. Anandipatsa moni mosangalala, ena anandigwira chanza, akuti, "Mwaona, a Jasinto, achimwene anu agona." Ndinapempha kuti andidikire, ndinapita kuseri kwa nyumba kumene foni imagwira, ndinaimbira Injinyeira.

"Shefe, kuno yagwa usiku wonse. Dothi lanyowa kupitirira chikhatho. Anthu ali pakhomo."

"Kuno ku Moatize kulibe ngakhale dontho," anayankha. "Ndi yomweyo ya chaka chatha. Mukatsegula lero, dzuwa likabwerera, mudzawauza chiyani anthuwo mu Febuluwale?"

"Anthuwa aika maliro dzulo, shefe. Akuti mvulayi ndi ya akufa."

Injinyeira anafunsa, "Inu mukukhulupirira zimenezo?"

Sindinkakhulupirira, komabe achimwene anga anali atagona m'dothi usiku wawo woyamba, ndipo kumwamba kunatseguka. Injinyeira anati, "Kiyi ali ndi inu, ine ndili kutali. Koma mawu anga ndi omwewo."

Nditabwerera kutsogolo ndinawauza kuti tidikire masiku angapo tione ngati mvulayo ikhazikika. Chisangalalo chinazima ngati moto wothiridwa madzi.

"Tidikire chiyani?" anafunsa Ganizani. "Mvula ili m'nthaka, mbewu ili m'nyumba, khasu lili paphewa. Chasowa n'chiyani? Chilolezo cha mtsikana wa ku Moatize amene sanaone mtambo?"

"Chaka chatha inagwanso chonchi, Ganizani. Unabzala kangati?"

"Chaka chatha akufa anali m'phiri! Lero ali kumanda. Iwe wekha unanyamula nsalu, mpala wakowo sunamere n'komwe!"

Anthu anayamba kuyandikira. Wina anati mwina ndagulitsa matumba ku malire ndipo m'nyumbamo mulibe kanthu. Wina anati anthu a sukulu ya ukulu ndi oopsa, amakhulupirira pepala kuposa amayi awo. Ndinaima nditatsamira chitseko. Pamenepo gulu linapatuka, a Naphiri anadutsa pakati ndi dengu lawo, nafika pafupi moti sanafunike kukweza mawu.

"Alamu," anatero, "zaka zonsezi sindinakufunseni kanthu. Munawasiya kamodzi m'phiri, ndinati inali nkhondo. Lero akutumizirani mvula. Muwakananso?"

Ana anga, mawu amenewo ndinali nditawadikira theka la moyo wanga, ndipo anadzafika pa tsiku limene sindikanatha kugwada. Dzanja langa linali m'thumba litagwira kiyi. Ndinaganiza za Senyoro Abilio ndi chaka chathunthu cha njala. Ndinaganiza za minda ya chaka chapitacho, tizomera titafota ngati ulusi. Ndikatsegula, ndikanatsegulira ine mwini, kuti alamu andikhululukire, ndipo malipiro ake akanakhala mbewu ya mudzi wonse. Umu ndi mmene ndinaonera nthawi imeneyo.

"Alamu, sindikukana achimwene. Ndikukana dzuwa limene likubwera. Sinditsegula."

Ganizani anakweza khasu lake kuti aswe loko. A Naphiri anamugwira mkono. "Usaswe, Ganizani. Msiyeni ndi kiyi wake, kiyiyo ndiye m'bale yekhayo amene wamutsalira." Anatembenuka n'kumapita, ndipo anthu anawatsatira mmodzimmodzi. Kunyumba kwawo anali ndi ngala za chimanga cha makolo zimene anazipachika pamwamba pa moto, zakuda ndi mwaye. Anazitsitsa, natonola, nagawira amene anatha kuwagawira, kachikho kachikho. Tsiku lomwelo iwo ndi mabanja ochepa anabzala. Ena onse anatsala akudikira ine.

Dzuwa limene ndinalonjeza silinabwere. Mvula inagwa mawa lake, inapuma pang'ono, inagwanso, bwinobwino, ngati mvula ya ubwana wanga. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana kumwamba, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkafunafuna dzuwa. Ine mlangizi wa zaulimi, mwana wa mlimi, ndinkalakalaka ng'amba kuti mawu anga aoneke oona. Munda wa a Naphiri unamera mizere yobiriwira moyang'anana ndi phiri, ndipo aliyense wopita kumsika ankadutsa pamenepo asanadutse pa alimazeni. Pamene Injinyeira ankaimba kuti tsegulani, n'kuti ine nditatsegula kale dzulo lake, koma tinali titachedwa. Minda inali itamera udzu, dothi linali lolemera ndi madzi, ndipo chimanga chathu chinakula chachikasu, chofooka. Sitinafe ndi njala, koma nkhokwe zambiri zinatha dzinja lotsatira lisanafike pakati, ndipo amuna ambiri anatsikira ku Moatize kukasaka maganyu.

Injinyeira Marta anabwera yekha pa chapa, minibasi ya kuno, kudzayankha, ndipo pa ichi ndimamulemekeza mpaka lero. Anaima pamaso pa anthu nati zolosera za nyengo zimanena chimene chingachitike kawirikawiri, osati lonjezo la chaka chimodzi, ndipo ukaphatikiza zaka zambiri kudikira kumapulumutsa mbewu kuposa kuthamanga.

"Zaka zambiri," anatero Ganizani, ulendo uno osaseka. "Ife, Injinyeira, timadya chaka chimodzichimodzi."

Kuyambira pamenepo, m'dera lathu mawu akuti kutentha kwa dziko anasanduka dzina la bodza. Mwana akanama kuti watsuka mbale, amake ankati, "Usandiuze za Jasinto." Nthawi ya chimanga chachiwisi a Naphiri anabwera kunyumba kuno ndi ngala zootcha zitakulungidwa m'makoko, naziika patsogolo panga. "Idyani, alamu. Ndi cha mvula ya achimwene anu." Ndinadya, amayi anu akundiyang'ana, ndipo chinali chokoma.

Zóbuè, nditapuma ntchito

Zaka zotsatira mvula inabwerera ku mabodza ake. Kasupe wa kudimba amene sanaphwepo ngakhale pa nkhondo anayamba kuphwa mu Okutobala. Pena anthu ankabzala kawiri, pena katatu, pena madzi ankakokolola mizere yonse tsiku limodzi. M'phiri munalibenso wakufa woti akatengedwe. Anthu ankavomera kuti nyengo yasokonekera, ankagula okha mbewu yocha msanga kumsika wa pa malire, koma ukangotchula kuti dziko likutentha ankatembenuza nkhope. Anali atayesa mawu amenewo kamodzi ndi mimba zawo, pomwe mawu a akufa anawayesa kamodzi n'kukolola. Inu amene mumawaseka, munayamba mwataya chakudya cha chaka chifukwa cha chinthu choona?

Chaka chathachi, kukutentha kwa Okutobala, a Naphiri anafika pakhomo pano akuyenda ndi ndodo. Anakhala pamphasa, tinalonjerana, anafunsa za inu nonse mmodzimmodzi. Kenaka anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa kapaketi ka mbewu yocha msanga.

"Mdzukulu wandigulira aka. Ndi kokhaka. Ndiuzeni, ndibzale liti?"

Ndinafuna kuseka, koma sizinatheke. "Ndiye alamu mwavomera kuti dziko likutentha?"

"Musayambe, alamu. A Domingo anagona, mvula ija anapereka kamodzi yotsanzikira. Izi zatsopanozi mwini wake sindikumudziwa, ndipo inunso simunamuonepo. Ine ndafunsa tsiku lobzala."

Ndinawauza kuti tsiku sindilidziwa, ndipo palibe amene akulidziwa, kaya ku Moatize kaya kumanda. Ndinati agawe mbewuyo pawiri, theka abzale ndi mvula yoyamba, theka asunge pamwamba pa moto mpaka aone mmene kumwamba kukuyendera.

A Naphiri anamanganso mfundo yawo pang'onopang'ono, nagwira ndodo, naimirira. Atafika pa mpanda anatembenuka.

"Pawiri," anatero. "Nanga nzeru imeneyi inali kuti tsiku lija, alamu, matumba ali odzaza nyumba?"

Anatuluka osadikira yankho.